Mano achikasu: si onse ofuna kukwechedwa

Dzino la munthu silikhala loyera mbee ngati choko. Ngakhale kwa munthu amene amatsuka m'kamwa m'mawa ndi madzulo osaphonya, mano amakhala oyera mopendekera ku chikasu, ndipo chimenecho ndicho chibadwa chake. Koma m'matauni, momwe zithunzi za pa Facebook ndi TikTok zimaonetsa anthu a mano owala ngati mbale yadothi yatsopano, ambiri ayamba kuona chikasu chilichonse cha m'mano ngati chizindikiro cha uve. Ena amaseka ataphimba pakamwa ndi dzanja. Ena amayankhula mosatsegula milomo kwenikweni pagulu, ngakhale pa mafunso olowera ntchito. Manyazi omwewo ndiwo amawathamangitsira ku makala, phulusa, mchere, mandimu ndi timabotolo tosadziwika kochokera togulitsidwa pa intaneti.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mano amasintha mtundu m'njira ziwiri zosiyana kwambiri. Pali chikasu chomata pamwamba pa dzino, chobwera ndi zimene munthu amadya, kumwa ndi kusuta, ndipo pali chikasu chochokera m'kati mwa dzino lenilenilo. Choyambacho chimachoka ndi kutsuka koyenera. Chachiwiricho sichimva mswachi, ndipo munthu akachilimbikira ndi zokwechera amangoperepesa dzino lake, chikasucho n'kumaonekera koposa kale.

Kapangidwe ka dzino

Gawo la dzino looneka m'kamwa lili ndi chikuto cholimba chimene madokotala a mano amachitcha enamel. Ichi ndicho chinthu cholimba kwambiri m'thupi lonse la munthu, kuposa fupa, chifukwa magawo pafupifupi 96 pa 100 alionse ndi michere ya calcium ndi phosphate youmbana ngati mwala. Komabe n'chopyapyala. Pamene chakhuthala kwambiri, pansonga za mano otafunira, chimangofika mamilimita 2.5, ndipo chimanka chipyapyala kulowera ku nkhama. Chikutochi sichitsekereza kuwala kotheratu. Chimaonetsa za pansi pake monga mmene pepala lokulungira zitumbuwa limachitira likalowa mafuta.

Pansi pakepo pali dentine, amene amapanga gawo lalikulu la dzino, ndipo mtundu wake ndi wachikasu. Pakati penipeni pali kamphako momwe muli mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera ululu. Choncho mtundu umene maso amaona ndi chikasu cha dentine choonekera kudzera mu enamel. Wobadwa ndi enamel wokhuthala amakhala ndi mano owala, pomwe wobadwa ndi wopyapyala mano ake amaoneka achikasu ngakhale atawasamala chotani. Zimenezi zimayenda m'magazi monga mmene uliri mtundu wa khungu.

Kapangidwe kameneka kamafotokoza zinthu zingapo zimene zimadetsa anthu nkhawa pachabe. Mano osongoka a m'mbali mwa akutsogolo amaoneka achikasu kuposa anzawo chifukwa ali ndi dentine wochuluka. Mwana akafika zaka 6 kapena 7, mano aubwana n'kuyamba kugweluka, omera m'malo mwake amaoneka achikasu poyerekeza ndi aubwana otsalawo, omwe mwachibadwa amakhala oyera ngati mkaka. Makolo ambiri amamudzudzula mwanayo kuti wayamba ulesi wotsuka m'kamwa, chonsecho palibe chalakwika. Ukalamba nawo uli ndi gawo lake: zaka zikamapita enamel amaperepeseka ndi kutafuna, pamene dzino limapitiriza kuwonjezera dentine m'kati mwake moyo wonse. Mano a munthu wa zaka 60 sangafanane ndi a mnyamata wa zaka 20.

Ndipo enamel akatha samera wina. M'chikutochi mulibe maselo amoyo, kotero sichingadzikonze monga limachitira fupa lothyoka kapena khungu lochekeka. Malovu ndi fluoride zimatha kulimbitsanso pamene pangofewa, koma pamene pachoka pamakhala pachokeratu.

Zomata pamwamba

Patangopita mphindi zochepa munthu atatsuka m'kamwa, malovu amasiya kansalu kopyapyala kwambiri pamano. Kansaluka kamateteza dzino, koma ndi pomwenso utoto wa zakudya umakakamira. Tiyi ndi mmodzi mwa otsogola. Masamba ake ali ndi zinthu zotchedwa tannin, zomwe zimadetsa kapu yomwera tiyi m'kati, ndipo zimene zimachitikira kapuyo ndizo zimachitikiranso mano. Tiyi wopanda mkaka amadetsa kuposa wothira mkaka, chifukwa mkaka umagwira gawo lina la tannin lisanafike pamano. Khofi, vinyo wofiira, zakumwa zakuda za mtundu wa cola ndi curry wothira m'ndiwo nazo zimasiya utoto wake. Kutalika kwa nthawi imene chakumwa chikhala m'kamwa kumavutanso kwambiri: wogwira ntchito mu ofesi amene amamwa kapu imodzi ya tiyi pang'onopang'ono m'mawa wonse amaupatsa utotowo mpata waukulu kuposa amene wamwa tiyi wake pa kadzutsa n'kuchukucha m'kamwa.

Fodya amadetsa mwankhanza kuposa zonsezi. Utsi wake uli ndi phula lakuda lomata, komanso nicotine, amene payekha alibe mtundu koma amasanduka wachikasu akakumana ndi mpweya. Ndudu ya m'sitolo, chingambwe, chamba, ngakhalenso fodya wopera amene ena amaika pansi pa mlomo, zonsezi zimasiya utoto wofiirira umene umaonekera kwambiri kuseri kwa mano akutsogolo ndi m'mipata mwake. Kwa wosuta, chikasu ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi matenda a nkhama ndi khansa ya m'kamwa zimene fodya yemweyo amabweretsa.

Palinso litsiro lofewa, lomata, limene limaunjikana m'mphepete mwa nkhama tsiku lililonse. Madokotala amalitcha plaque, ndipo ndi chigulu cha mabakiteriya osakanikirana ndi zotsalira za chakudya. Likadali lofewa limachoka ndi mswachi. Likasiyidwa masiku ochepa okha limayamba kuyamwa michere ya m'malovu n'kuuma gwaa, kusanduka chimene chimatchedwa tartar, chachikasu kapena chofiirira, chofanana ndi zoyera zokakamira m'ketulo yowiritsira madzi. Zikafika apa mswachi umangodutsa pamwamba. Tartar amakonda kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi ndi m'mbali mwa mano otafunira a m'mwamba, pafupi ndi potulukira malovu, ndipo ndiye amachititsa kuti nkhama zizitupa, kutuluka magazi ndi kununkhitsa m'kamwa.

Mankhwala ena abwinobwino amadetsanso pamwamba pa mano. Ochukuchira m'kamwa okhala ndi chlorhexidine, amene amaperekedwa pa matenda a nkhama, amasiya utoto wofiirira akagwiritsidwa ntchito kwa masabata angapo. Mankhwala amadzi owonjezera magazi okhala ndi iron amadetsanso mano, makamaka a ana. Utoto wa mitundu iwiriyi umachoka akatsuka ku chipatala cha mano, choncho si chifukwa chosiyira mankhwala amene dokotala walamula.

Asidi ndi kuperepeseka kwa enamel

Chikasu chimene chikuchuluka pakati pa achinyamata a m'tauni sichichokera ku utoto kokha ayi, koma ku asidi. Pa muyeso wa pH, umene umaonetsa ukali wa asidi, madzi abwino amakhala pa 7, ndipo nambala ikamatsika ukali umakula. Enamel amayamba kusungunuka pH ikatsikira pansi pa 5.5. Zakumwa za cola zimakhala cha pa 2.5, madzi a mandimu pakati pa 2 ndi 3. Zakumwa zopatsa mphamvu, zakumwa za gasi zolembedwa kuti zilibe shuga, madzi a zipatso zowawasa, malambe ndi bwemba zonse zili ndi asidi wake. Kuyayamira kwa mano kumene munthu amamva akadya mango osapsa ndi uthenga wakuti asidi wakhudza dzino.

Malovu amachotsa ukali wa asidiyo pang'onopang'ono ndi kubwezeretsa michere pa enamel wofewayo, koma amafuna nthawi. Munthu akamabwereza chakumwa chowawasa kangapo patsiku, malovu amalephera kupikisana nacho. Asidi wina amachokera m'mimba: odwala chilungulira kawirikawiri, amayi oyembekezera amene amasanza pafupipafupi, ndi omwa mowa mwauchidakwa, mano awo amaperepeseka kuyambira kuseri. Kuuma kwa m'kamwa, kumene kumabwera ndi matenda a shuga kapena mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi ndi a matenda a maganizo, kumawonjezera vutoli. Zizindikiro zake ndi mano osalala mopitirira muyeso, nsonga za mano akutsogolo zooneka ngati galasi, chikasu chonkirankira, ndi ululu wobaya madzi ozizira akakhudza dzino.

Madzi a m'mijigo

M'madera ena a dziko lino ana a sukulu ambiri ali ndi mano a mawanga oyera ngati choko, achikasu kapena ofiirira ngati dzimbiri, ngakhale sadalawepo fodya kapena khofi. Gwero lake ndi madzi akumwa. Fluoride ndi mchere wopezeka mwachilengedwe m'miyala ina, ndipo madzi a pansi pa nthaka akakhalitsa m'miyalayo amausungunula. Pamlingo wochepa mcherewu umalimbitsa enamel ndi kuteteza mano kuti asabooke, n'chifukwa chake umaikidwa m'mankhwala otsukira mano. Ukachuluka umasokoneza maselo oumba enamel pamene dzino likadali m'kati mwa nkhama, ndipo limadzamera lili ndi chikuto cha timabowo tosaoneka ndi maso. Dzino lotere limatuluka ndi mawanga oyera, kenako timabowoto timayamwa utoto n'kusanduka tachikasu kapena tofiirira. Vuto likakula, dzino limakumbika ndi kunyenyeka. Matendawa amatchedwa dental fluorosis. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika malire a mamiligalamu 1.5 a fluoride pa lita imodzi ya madzi akumwa.

Nkhani ya mmene zimenezi zidadziwikira ndi yochititsa chidwi. M'chaka cha 1901 dokotala wa mano wachinyamata, Frederick McKay, adakakhazikika ku Colorado Springs m'dziko la America ndipo adadabwa kuona kuti anthu ambiri obadwira kumeneko adali ndi mano ofiirira. Adatha zaka pafupifupi 30 akufufuza gwero lake, ndipo adaonanso kuti mano oipa maonekedwewo sankabooka wamba. Mu 1931 katswiri wa sayansi ya mankhwala, H. V. Churchill, adapeza fluoride wochuluka m'madzi a m'tauni ya Bauxite ku Arkansas, komwe kudalinso vuto lomweli. Kuchokera apo ofufuza adayamba kusaka mlingo woteteza mano popanda kuwadetsa, ndipo mu 1945 mzinda wa Grand Rapids ku Michigan udakhala woyamba kuthira dala fluoride wochepa m'madzi a m'mipopi.

Kuno ku Africa vuto ndi la kuchuluka kwake. Chigwa chachikulu cha Rift Valley, chimene chimadutsa ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania mpaka kufika ku Nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Shire, chili ndi miyala yambiri ya fluoride, ndipo madera monga Nakuru ku Kenya ndi Arusha ku Tanzania amadziwika ndi mano ofiirira. M'dziko lino, kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 adapeza kuti mijigo ndi zitsime zambiri za ku Nathenje m'boma la Lilongwe zidali ndi fluoride wopitirira malire a WHO, ndipo ana ambiri a m'sukulu za kumeneko adali ndi mano a mawanga. Kafukufuku wina adapezanso milingo yokwera m'madera ena a Machinga, Mangochi, Chikwawa ndi Nsanje. Akasupe a madzi otentha amakhala ndi fluoride wochuluka kwambiri, pomwe madzi a mvula, a m'mitsinje ndi a m'nyanja kawirikawiri amakhala ndi wochepa.

Nkhaniyi ikukhudza ndithu anthu a m'tauni. Ambiri a iwo adakulira kumudzi pa madzi a mjigo, ndipo mawanga amene ali nawo lero adalembeka ali ana. Kuwakwecha ndi makala n'kungodzipweteka. Komanso mabanja ochuluka a m'malo atsopano a m'mphepete mwa mizinda, kumene mipopi sidafike kapena imauma pafupipafupi, akukumbitsa mijigo yawoyawo. Fluoride alibe mtundu, fungo kapena kukoma, ndipo madzi oyera mbee akhoza kukhala naye wambiri. Kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Kumangomuchulukitsa chifukwa madzi ena amauluka ngati nthunzi mchere n'kutsalira. Chlorine amapha tizilombo koma fluoride samukhudza. Njira yokhayo yodziwira ndi kuyezetsa madziwo ku labotale, monga ya unduna woona za madzi ku Lilongwe kapena ya Malawi Bureau of Standards. Mijigo iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana milingo kutalitali, malinga ndi mwala umene uliwonse udaboola.

Nyengo yoopsa ndi kuyambira kubadwa mpaka zaka 8, pamene mano achikulire akuumbika. Munthu wamkulu sangayambe mawanga amenewa ngakhale atasamukira kudera la fluoride wambiri, ngakhale kuti kumwa madzi a mlingo wokwera kwambiri kwa zaka zochuluka kumalimbitsa mafupa molakwika ndi kupweteketsa m'malo olumikizira mafupa. Banja limene madzi ake apezeka ndi vutoli lingateteze ana powapezera madzi akumwa ndi ophikira phala kuchokera kwina, kapena pokolola madzi a mvula mwaukhondo. Zosefera za makala a mafupa a nyama, njira ya Nalgonda yochokera ku India yogwiritsa ntchito alum ndi laimu, ndi makina a reverse osmosis zimachepetsa fluoride. Ofufuza a m'dziko lino adayesaponso bauxite wa ku phiri la Mulanje. Zosefera wamba za makala a mitengo sizithandiza kwenikweni.

Mankhwala, ngozi ndi kubooka

Mankhwala opha mabakiteriya a m'gulu la tetracycline amagwirana ndi calcium wa dzino limene likuumbika, ndipo amakhala momwemo moyo wonse. Mano ake amamera achikasu, kenako amasanduka otuwa kapena ofiirira m'mizere yopingasa. N'chifukwa chake tetracycline saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi kwa ana osakwana zaka 8 pokhapokha dokotala ataona kuti palibenso njira ina. Chizolowezi chogula makapisozi m'magolosale ndi pamsika n'kumwetsa mwana wotsegula m'mimba ndicho chimene chingamudetse mano osachokanso.

Dzino limodzi lokha likasintha mtundu pakati pa anzake, nkhani yake ndi ina. Kawirikawiri limakhala kuti lidagundidwa, kaya pa mpira, pa ngozi ya njinga ya kabaza kapena pa ndewu, mwina zaka zingapo zapitazo. Likachita chikasu chakuya, ndiye kuti ladzaza dentine m'kamphako kake podziteteza. Likatuwa kapena kuda, mitsempha yake mwina idafa, ndipo kumuzu kwake kukhoza kukhala mafinya ngakhale lisakupweteka. Dzino lotere limafunika kujambulidwa ndi X-ray.

Kubooka kwa mano nako kumayamba ngati kusintha kwa mtundu: kadontho koyera kosawala m'mphepete mwa nkhama, kenako kachikasu, kofiirira, mpaka bowo. Kwa ana aang'ono ogona ndi botolo la tiyi wa shuga kapena zakumwa zotsekemera, mano akutsogolo a m'mwamba ndiwo amayamba. Pali ochepa amene amabadwa ndi enamel kapena dentine wosaumbika bwino chifukwa cha kumtundu, ndipo kutentha thupi kwambiri, kubadwa masiku asanakwane kapena kunyentchera paukhanda kumasiyanso zipsera pa mano amene ankaumbika nthawi imeneyo.

Makala, phulusa ndi mandimu

Njira zapakhomo zimakopa chifukwa tsiku loyamba zimaoneka ngati zagwira ntchito. Makala osinja, phulusa, mchenga ndi mchere wamiyala zimapala utoto wa pamwamba, mano n'kuwala pang'ono. Koma zimapalanso enamel ndi kukanda nkhama, ndipo pamalo pokandikapo utoto watsopano umamata msanga kuposa kale. Pakapita miyezi chikuto chimapyapyala, dentine n'kuonekera kwambiri. Munthuyo poona chikasu chikuwonjezeka amakwecha mwamphamvu, vuto n'kumakulirakulira. Mankhwala a makala a m'machubu okongola sasiyana kwenikweni ndi zimenezi. Mu 2017 magazini ya bungwe la madokotala a mano ku America, Journal of the American Dental Association, idaunika kafukufuku amene adalipo ndipo sidapeze umboni wokwanira wakuti mankhwala a makala amayeretsa mano kapena kuti ndi osaononga. Ambiri a iwo alibenso fluoride.

Choopsa koposa ndi kusakaniza mandimu kapena viniga ndi soda kapena mchere, monga amalangizira ena pa WhatsApp. Asidi amafewetsa enamel, chokwecheracho n'kumupala ali wofewa. Soda wophikira therere payekha ndi wofewerapo, ndipo amapezeka m'mankhwala ena ovomerezeka otsukira mano, koma sasintha mtundu wa m'kati mwa dzino ndipo sateteza kubooka. Makoko a nthochi ndi mafuta a kokonati alibe umboni woti amayeretsa. Mankhwala apepo amene atchuka pa TikTok amangonyenga maso kwa maola ochepa, chifukwa mtundu wapepo umabisa chikasu. Mankhwala oyeretsera zovala ndi peroxide wosinthira mtundu wa tsitsi amawotcha nkhama ndi kummero, ndipo sayenera kufika m'kamwa n'komwe.

Mswachi wa mtengo, umene makolo akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kale, suli m'gulu limeneli. Ukatafunidwa bwino mpaka kufewa umachotsa litsiro lomata ndithu. Chosowa chake ndi fluoride, komanso umavuta kufika kuseri kwa mano otafunira.

Kapewedwe

Zofunika n'zochepa ndipo n'zotsika mtengo. Mano atsukidwe kawiri patsiku kwa mphindi ziwiri, ulendo umodzi usiku pogona, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala okhala ndi fluoride, amene ambiri amangowatcha Colgate ngakhale akhale a kampani ina. Kwa akuluakulu, pa chubu pazilembedwa fluoride wa pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm. Mswachi wolimba ndi dzanja lamphamvu zimakumba mizere m'mphepete mwa nkhama, pamene enamel ali wopyapyala kale. Akatha kutsuka munthu alavule thovulo koma asachukuche ndi madzi, kuti fluoride atsalire pamano. M'mipata ya mano muzidutsa ulusi wotsukira mano kamodzi patsiku, ndipo mswachi usinthidwe pakatha miyezi itatu kapena ukangoyamba kuyanzika.

Kwa mwana wosakwana zaka 3, mankhwala akhale ochepa ngati njere ya mpunga. Wa zaka 3 mpaka 6, ngati njere ya nsawawa. Wamkulu aziyang'anira kuti mwanayo asameze, makamaka m'madera a fluoride wambiri.

Munthu akamwa tiyi kapena khofi, kuchukucha ndi madzi kumathandiza. Akamwa kapena kudya chowawasa, kapena akasanza, asatsuke mano nthawi yomweyo. Achukuche ndi madzi n'kudikira mphindi 30 kapena ola lathunthu kuti malovu alimbitse enamel. Zakumwa za gasi zimwedwe pa nthawi ya chakudya, osati apa ndi apo tsiku lonse. Wosuta amene sasiya fodya, chithandizo chilichonse chimangomugwira kwa miyezi yochepa.

Chithandizo cha ku chipatala

Choyamba ndi kupimidwa kuti gwero lidziwike, ndipo kwa anthu ambiri chotsatira chake chimakhala kutsukidwa mano ndi makina. Kachipangizo konjenjemera kothira madzi kamagumula tartar, kenako mano amapukutidwa kuti asalale. Pali mphekesera yakuti kutsukitsa mano kumawagwedeza ndi kutsegula mipata. Choona n'chakuti tartar amakhala atadya kale nkhama ndi fupa logwira dzino, ndipo akachotsedwa mipata imene adaitseka imangoonekera. Kumusiya ndiko kumagwetsa mano. Kutsukaku kumabwezera dzino ku mtundu wake wachibadwa, osati kupitirira apo. Mankhwala otsukira mano olembedwa kuti ndi oyeretsa nawonso amangochotsa utoto wa pamwamba.

Kuwalitsa mtundu wa m'kati kumafuna hydrogen peroxide kapena carbamide peroxide, amene amalowa kudzera mu enamel n'kuphwanya utoto wa mu dentine. Njira imene yafala kwambiri idafotokozedwa mu 1989 ndi madokotala awiri a ku University of North Carolina, Van Haywood ndi Harald Heymann: dokotala amaumba kapulasitiki kofanana ndendende ndi mano a munthuyo, iye n'kumathiramo carbamide peroxide wa 10 peresenti ndi kuvala usiku kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Njira ina ndi yopakidwa mankhwala amphamvu pampando wa dokotala, nkhama zitatchingidwa. M'maiko a European Union ndi ku Britain, lamulo limati mankhwala opitirira 0.1 peresenti ya hydrogen peroxide adzere kwa dokotala wa mano, asapitirire 6 peresenti, ndipo asaperekedwe kwa osakwana zaka 18 pongofuna kukongoletsa. Malire amenewa akuonetsa chifukwa chake timabotolo tosalembedwa mphamvu yake, ndi kuyeretsa mano kochitikira m'masaluni, zili zokayikitsa.

Ngakhale m'manja mwa dokotala, ambiri amamva mano kubaya ndi nkhama kuwawa kwa masiku angapo. Wokhala ndi dzino lobooka kapena nkhama zodwala amayamba wachiritsidwa kaye, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amauzidwa kudikira. Kuwalako sikukhala mpaka kalekale: kumatha miyezi ingapo kufikira zaka zitatu, malinga ndi kadyedwe ndi kasutidwe. Chikasu cha ukalamba chimamva msanga. Kutuwa kwa tetracycline kumafuna miyezi ingapo ndipo nthawi zina sikutheratu. Peroxide sasintha mtundu wa zomatira mano obooka, zisoti za mano kapena mano oikirira, kotero amene ali nazo kutsogolo amayenera kudzazisinthitsa pambuyo pake kuti zifanane ndi mano enawo.

Mawanga a fluoride ali ndi njira zakezake. Osazama amachotsedwa popala kagawo kochepa kwambiri ka enamel ndi mankhwala a asidi osakaniza ndi ufa wa mwala, ntchito yoyenera dokotala yekha, ndipo nthawi zina amaphatikiza ndi peroxide. Ena amatsekedwa ndi utomoni wamadzi wolowa m'timabowo ta enamel. Ozama amaphimbidwa ndi zomatira za mtundu wa dzino zotchedwa composite, kapena ndi tizikuto tadothi totchedwa veneer. Tizikutoti timakongola, koma kawirikawiri timafuna kuti dzino lisemedwe kaye, ndipo losemedwa silibwereranso mwakale. Timafunikanso kusinthidwa pakapita zaka. Dzino lakufa limayamba lachotsedwa mitsempha yowolayo ndi kutsekedwa kumuzu, kenako mankhwala oyeretsa amaikidwa m'kati mwake.

M'dziko lino madokotala a mano ndi ochepa kwambiri, ndipo ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi madental therapist, ambiri a iwo ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano adayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa. Zipatala zazikulu za Kamuzu, Queen Elizabeth, Zomba ndi Mzuzu zili ndi magawo a mano komwe munthu angapimidwe, pomwe kuwalitsa ndi peroxide ndi kuika veneer kumapezeka makamaka m'zipatala zolipira za m'mizinda. Aliyense wogwira ntchito imeneyi ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa chiphaso chake asanakhale pampando.

Chikasu chofanana m'mano onse, chopanda ululu, chingadikire mpaka munthu atapeza mpata ndi ndalama. Chosayenera kudikira ndi dzino limodzi lomwe lada, kadontho kofiirira komwe kakukula, nkhama zotuluka magazi potsuka, chotupa kumuzu kwa dzino, ndi chilonda cha m'kamwa chimene chatha masabata atatu chisakupola, makamaka kwa wosuta fodya kapena womwa mowa.